Momwe Mungagwirire Ntchito ndi Aphunzitsi Pokonzanso Ndondomeko ya Maphunziro a Unamwino

Masukulu ambiri a unamwino amapunthwa pamalo amodzimodzi. Anthu atatu kapena anayi amadzitsekera mu ofesi, nthawi zina ndi katswiri wobwereka, n'kulemba ndondomeko yatsopano ya maphunziro. Ikatha amaitanitsa aphunzitsi onse kuti adzaivomereze. Aphunzitsi amasayina, kenaka aliyense amabwerera m'kalasi ndi manotsi ake akale. Chikuto cha buku chasintha, koma wophunzira akumva zomwezo zimene anamva anzake amene anamaliza zaka khumi zapitazo.

Anthu amathamangira kunena kuti aphunzitsi ndi ouma mitu. Ine sindivomereza. Mphunzitsi amene waitanidwa ntchito itatha kale alibe chifukwa choikondera, ndipo kawirikawiri amaona zolakwika zenizeni zimene olemba aja sanazione chifukwa sakhala m'wodi ndi ophunzira. Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo wotsogolera ntchitoyi, kaya ndinu mkulu wa sukulu, mkulu wa dipatimenti kapena mphunzitsi amene anzanu akusankhani. Ikani pambali chaka chathunthu kapena chaka ndi theka. Dziwaninso kuti walira mvula walira matope: aphunzitsi mukawapatsa mpata weniweni wolankhula, mikangano idzabuka. Njirayi yakonzedwa kuti mikanganoyo ithere patebulo, isanakafike kwa ophunzira.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Ndondomeko imene mukugwiritsa ntchito panopa, yonse, pamodzi ndi ndandanda zenizeni za makalasi za zaka ziwiri zapitazi. Ziwirizi sizifanana nthawi zonse, n'chifukwa chake mukufunika zonse.
- Malamulo a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'dziko lanu, komanso a bungwe lovomereza maphunziro apamwamba.
- Zotsatira za mayeso a pasukulu ndi a layisensi za zaka zitatu kapena zisanu, ndi mapepala a mayesowo.
- Mabuku amene ophunzira amasayinitsa akachita luso lina m'wodi. Tengani odzaza kale, musatenge atsopano.
- Ziwerengero za boma za matenda ndi imfa zimene zachuluka kumene omaliza maphunziro anu amakagwira ntchito.
- Miyezo ya bungwe la zaumoyo padziko lonse (WHO) ya 2009 ya maphunziro oyamba a anamwino ndi azamba, ndi mndandanda wake wa 2016 wa maluso oyenera mphunzitsi wa anamwino. Ngati mumaphunzitsanso uzamba, onjezerani maluso amene bungwe la azamba padziko lonse (ICM) linakhazikitsa.
- Chipinda cha khoma lalitali, mapepala akuluakulu, zolembera zakuda bwino, timapepala tomata ta mitundu itatu, ndi kompyuta ya Excel kapena Google Sheets.
- Kalata ya mkulu wa sukulu yonena amene akutsogolera, tsiku lomalizira, ndi maola amene achotsedwa pa ntchito ya aphunzitsi otenga mbali. Kalatayi ikasowa, musayambe.

## 1. Nenani poyera zimene zingasinthe ndi zimene sizingasinthe

Pa msonkhano woyamba bwerani ndi pepala limodzi logawidwa patatu. Gawo loyamba likhale la zinthu zimene lamulo lamanga kale: zaka za maphunziro, maola a m'wodi, chiwerengero cha ophunzira pa mphunzitsi mmodzi. Mwachitsanzo, m'mayiko a European Union lamulo limafuna zaka zosachepera zitatu ndi maola 4,600, ndipo theka la maolawo, kapena kuposa, likhale la kuchipatala. Dziko lanu lili ndi manambala ake. Alembeni monga alili. Gawo lachiwiri likhale la zimene aphunzitsi adzapereke maganizo koma wogamula ndi wina, monga ndalama ndi kulemba anthu ntchito. Gawo lachitatu likhale la zimene aphunzitsi adzagamule okha: mitu, dongosolo lake, kaphunzitsidwe ndi kayesedwe.

Tsiku lomwelo gwirizanani momwe muzidzamangira mfundo mukasiyana maganizo. Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi: yesani kumvana pa misonkhano iwiri, zikakanika, votani, ndipo mfundo ipambane ndi magawo awiri mwa atatu, zikakanikabe, mkulu agamule n'kulemba chifukwa chake.

Chenjezo: musaike m'gawo lachitatu chinthu chimene mwagamula kale mumtima. Aphunzitsi akadzazindikira kuti anatha masabata akukambirana nkhani yotsekedwa, sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse.

## 2. Apatseni nthawi yeniyeni

Mphunzitsi wa unamwino amaphunzitsa m'kalasi, amayendera ophunzira m'mawodi, amachonga mayeso, ndipo ena amayang'aniranso kafukufuku wa ophunzira. Mukamuwonjezera ntchito ya ndondomeko pamwamba pa zonsezi, adzabwera pa misonkhano iwiri yoyamba basi. Khalani pansi ndi wokonza ndandanda ya makalasi semesita isanayambe. Patulani theka la tsiku lomwelomwelo pa masabata awiri alionse, pomwe pasakhale kalasi kapena kuyendera wodi. Amene ali m'komiti achotsereni maola ena ophunzitsa, ndipo zilembedwe. Ntchitoyi iwerengedwenso pamene munthu akuunikidwa kuti akwezedwe.

Chenjezo: musaike misonkhano m'sabata ya mayeso kapena pa tchuthi cha aphunzitsi. Amene adzabwere adzabwera ndi mkwiyo, ndipo amene sadzabwera adzati anasalidwa.

## 3. Sankhani komiti yaing'ono, koma ya anthu osiyanasiyana

Anthu asanu ndi atatu kapena khumi akwanira. Ntchito ya komiti si kulemba ndondomeko. Ntchito yake ndi kukonza misonkhano, kusonkhanitsa umboni ndi kuona kuti masiku akusungidwa. Olemba ndi aphunzitsi onse.

Theka la mamembala lisankhidwe ndi aphunzitsi eniake. Pa mipando yotsalayo onetsetsani kuti pali mphunzitsi wa m'wodi, mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito, woyang'anira chipinda choyesereramo maluso, namwino wa pachipatala amene amalandira ophunzira anu, ndi wophunzira wa chaka chomaliza kapena amene wamaliza posachedwa. Ngati masayansi monga kapangidwe ka thupi ndi za mankhwala amaphunzitsidwa ndi anthu a dipatimenti ina, mmodzi wa iwo akhalepo.

Ndipo mutengeni mphunzitsi uja amene mukudziwa kuti amatsutsa. Sukulu iliyonse ili naye. Nthawi zambiri ndi munthu amene waona kusintha kotere kangapo, n'kuona kukufera m'njira. Mafunso ake ndi owawa koma ndi omwewo amene ena akufunsa chamumtima. Akakhala mkati adzakuthandizani kuona maenje msanga. Akasiyidwa kunja adzachititsa msonkhano wake m'chipinda cha aphunzitsi inu mutatuluka.

Chenjezo: komiti ya akuluakulu a madipatimenti okhaokha imateteza malire a madipatimenti. Idzakubwezerani ndondomeko yakale yomweyo ndi mayina atsopano a makosi.

## 4. Mverani aliyense payekha musanalembe kanthu

Gawanani aphunzitsi pakati pa mamembala a komiti, ndipo aliyense achezeredwe kwa mphindi 20 kapena 30. Munthu asafunsidwe ndi bwana wake. Mafunso atatu akwana. N'chiyani m'ndondomeko yathu chimene simukufuna kuti chitayike? Kodi ophunzira athu amakuchititsani manyazi pa chiyani akafika m'wodi? Mukuopa chiyani pa kusinthaku?

Funso lachitatuli ndilo lofunika kwambiri, ndipo yankho lake silituluka pagulu. Wina akuopa kuti kosi yake ikaphatikizidwa ndi ina, ntchito yake ithanso. Wina sanagwirepo zidole zamakono zoyesererapo ndipo sakufuna kuchita manyazi pamaso pa ophunzira. Wina anatha zaka akukonza manotsi ake. Mantha awa ndi omveka, ndipo mukapanda kuwayankha adzabwera atavala zovala zina: munthu adzatsutsa za maola ndi miyezo pamene chikumupweteka ndi china.

Lembani zimene mwamva popanda mayina, n'kuziwerenga pa msonkhano wa onse. Ngati palibe amene achotsedwe ntchito, mkulu wa sukulu anene yekha ndi pakamwa pake. Ngati sangalonjeze zimenezo, anene zoona.

## 5. Jambulani pakhoma zimene zikuphunzitsidwadi

Apa ndi pamene mitima ya anthu imayamba kutembenuka, choncho musathamange. Patulani tsiku lathunthu.

Gawani khoma m'zaka ndi m'masemesita. Mphunzitsi aliyense alembe mutu umodzi pa kapepala kamodzi, n'kuwonjezera maola ake ndi njira imene amayesera ophunzira pa mutuwo. Mtundu umodzi wa timapepala ukhale wa za m'kalasi, wina wa m'chipinda choyesereramo, wachitatu wa m'wodi. Lamulo lake ndi limodzi: lembani zimene munaphunzitsadi chaka chatha, ngakhale zikusiyana ndi zimene zili m'buku.

Onse akamata, ayende m'mbali mwa khomalo awiriawiri, aliyense ndi mnzake wa dipatimenti ina, akufufuza zinthu zinayi.

Choyamba, zobwerezedwa. Kusamba m'manja ndi kupewa kufalitsa matenda mungakupeze m'makosi anayi, ndipo paliponse kukuyambira pachiyambi. Kubwereza si kolakwika ngati ulendo uliwonse ukuzama kuposa woyamba. Kolakwika ndi kubwereza mosadziwa.

Chachiwiri, zosowa. Kuwerengera mlingo wa mankhwala ndi chitsanzo chodziwika: wa za mankhwala amaganiza kuti zinaphunzitsidwa m'chaka choyamba, wa chaka choyamba amaganiza kuti zidzaphunzitsidwa mtsogolo, ndipo wophunzira amakakumana nazo koyamba ali ndi jakisoni m'manja. Yang'ananinso kupatsirana odwala posinthana mashifiti, kulemba bwino m'mafayilo, ndi kuzindikira msanga wodwala amene akuipiraipira.

Chachitatu, zobwera nthawi yolakwika, monga kutumiza ophunzira ku wodi ya ana asanaphunzire za ana.

Chachinayi, zachikale. Kuyambira 2016 WHO imalimbikitsa kuti mayi woyembekezera aonedwe kosachepera kasanu ndi katatu, pomwe kale inkati kanayi. Mu 2020 inatulutsa Labour Care Guide, chida chatsopano chotsatirira mayi amene ali pa matenda a uchembere. Mu 2010 bungwe la za mtima ku America, la American Heart Association, linasintha dongosolo lotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima kuti kupsinja pachifuwa kuyambe, kupumira mpweya kubwere pambuyo. Fananizani manotsi anu ndi malangizo amene dziko lanu likutsatira lero, chifukwa si dziko lililonse limalandira zosinthazi nthawi imodzi.

Ubwino wa khoma ndi wakuti inu simunena kanthu. Aphunzitsi amadzionera okha, ndipo zimene munthu wadzionera satsutsana nazo. Jambulani zithunzi, ndipo wina alowetse zonse mu kompyuta sabata yomweyo timapepala tisanayambe kugwa.

Chenjezo: pa timapepala pasakhale mayina a aphunzitsi. Tsikuli likangooneka ngati lofufuza amene sagwira ntchito, aliyense adzakopera za m'buku ndipo khoma lidzanama.

## 6. Gwirizanani za namwino amene mukufuna kutulutsa

Musayambe ndi mayina a makosi. Mukatero aliyense adzaima pa kosi yake. Yambani ndi funso ili, lolembedwa ndi zilembo zazikulu: namwino amene wamaliza pano, ali pa shifiti ya usiku m'mwezi wake woyamba, wamkulu wake ali kutali, ayenera kutha kuchita chiyani?

Kuti akuluakulu asamize mawu a achinyamata, gwiritsani ntchito njira yokambirana m'magulu imene akatswiri Andre Delbecq ndi Andrew Van de Ven anaifotokoza mu 1971. Gawani anthu m'magulu a asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi anayi. Poyamba aliyense alembe mayankho ake mwakachetechete kwa mphindi khumi. Kenaka zungulirani: munthu mmodzi, mfundo imodzi, popanda wotsutsa, mpaka mfundo zonse zitatha. Mukatero kambiranani kuti zimveke ndi kuphatikiza zofanana. Pomaliza aliyense asankhe payekha, mwachinsinsi, mfundo zisanu zimene akuziona zazikulu. Njirayi imaoneka youma, koma ndi imene imachititsa kuti mphunzitsi amene wabwera chaka chatha amveke mofanana ndi pulofesa.

Mayankho a magulu onse afinyeni akhale maluso akuluakulu osapitirira khumi ndi awiri, n'kuwafananiza ndi zimene bungwe loyang'anira anamwino limafuna. Pamene bungwe likufuna chinthu chimene palibe anachitchula, onjezerani, ndipo nenani chifukwa.

Samalani ndi kalembedwe. "Wophunzira amvetse za kuchepa kwa madzi m'thupi" palibe amene angakuone ndi maso. "Wophunzira ayeze mwana wotsegula m'mimba, anene mlingo wa kuchepa kwa madzi, ayambe chithandizo choyenera n'kufotokozera kholo" ndi chinthu choti mphunzitsi angaime pambali n'kuchonga. Katswiri wa maphunziro a zachipatala George Miller mu 1990 anasanja luso la wachipatala m'makwerero anayi: adziwa, adziwa kachitidwe kake, aonetsa, achita pa ntchito yeniyeni. Pa luso lililonse aphunzitsi agwirizane kuti wophunzira afike pa khwerero liti pakutha pa chaka chilichonse. Kukambirana kumeneku kumatenga nthawi, koma kudzakupulumutsani pa gawo lotsatirali.

Mndandanda ukatha, upite kwa anamwino a m'zipatala zimene ophunzira anu amapitako ndi kwa ena amene anamaliza posachedwa. Afunseni chimene chasowa ndi chimene sichichitika pa ntchito yeniyeni.

## 7. Gawani maola, ndipo vomerezani kuchotsa zina

Ili ndiye gawo lovuta kuposa onse. Aliyense amavomereza kuti ndondomeko yadzaza, ndipo aliyense amaona kuti zochotsa zili m'kosi ya mnzake. Sukulu zambiri zimathawa ndewuyi pongowonjezera mitu yatsopano pamwamba pa yakale. Olipira mtengo wake ndi ophunzira, amene amakhala m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, opanda nthawi yowerenga kapena yoyeserera.

Musanatchule mutu uliwonse, gwirizanani miyezo yoyezera mitu yonse. Itatu iyi imagwira ntchito. Kodi vutoli limapezeka kawirikawiri bwanji kumene omaliza athu amakagwira ntchito? Namwino akalephera apa, wodwala angafe kapena kulumala? Kodi namwino watsopano adzachita yekha, kapena ndi ntchito ya katswiri? Miyezoyi ivomerezedwe ndi kulembedwa pakhoma anthu asanadziwe kuti ikhudza kosi ya yani.

Kenaka mutu uliwonse upite pa umodzi wa milu itatu: wofunika ndithu, wothandiza, ndi woti munthu angadzauphunzire ali pa ntchito kapena pa maphunziro apamwamba. Mwini kosi alankhule poyamba, koma osanja akhale atatu, awiri a iwo ochokera kunja kwa kosiyo. Ikaninso lamulo lakuti wofuna kulowetsa mutu watsopano anene umene utuluke.

Padzabwera maganizo akuti maola ena a m'wodi alowedwe m'malo ndi kuyeserera pa zidole. Kafukufuku wamkulu wa NCSBN, mgwirizano wa mabungwe oyang'anira anamwino ku America, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti mpaka theka la maola a kuchipatala lingalowedwe m'malo motero popanda kutsitsa luso la ophunzira. Koma izi zinatheka pamene panali zipangizo zokwanira, aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, ndi nthawi yokambirana mozama pambuyo pa kuyeserera kulikonse. Ngati sukulu yanu ilibe zimenezi, nambala imeneyo si yanu. Onaninso ngati malamulo a dziko lanu amalola.

Chenjezo: mphunzitsi asamve koyamba pagulu kuti maola ake achepa. Pitani kwa iye msonkhano usanachitike, mumuonetse miyezo ndi zotsatira, ndipo mukhale ndi yankho la kumene luso lake lidzagwire ntchito: kuphunzitsa pamodzi ndi wina m'kosi yophatikizidwa, kutsogolera chipinda choyesereramo, kapena kuyang'anira ophunzira m'wodi. Munthu amene wapereka zaka zake ku phunziro lina ayenera ulemu umenewu.

## 8. Magulu ang'onoang'ono alembe makosi pamodzi ndi mayeso ake

Kosi iliyonse ilembedwe ndi anthu atatu kapena anayi: amene adzaiphunzitse, mphunzitsi wa m'wodi, ndi wina wa kosi imene imatsatira. Onse agwiritse ntchito fomu imodzi yosapitirira masamba atatu, yokhala ndi maluso amene kosiyo ikumanga, mitu, maola, kaphunzitsidwe, kayesedwe ndi zipangizo zofunika.

Mayeso alembedwe nthawi yomweyo. Katswiri wa zamaphunziro John Biggs anatsindika mu 1996 kuti zolinga, kaphunzitsidwe ndi mayeso ziyenera kuloza kumodzi, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa chifukwa chake: ophunzira amawerenga zimene zimabwera pa mayeso. Mukalemba kuti mukufuna namwino woganiza mozama koma mayeso n'kumafunsa matanthauzo a mawu oloweza, ophunzira adzaloweza. Luso la manja ndi la kulankhula ndi wodwala liyesedwe poonerera. Mayeso a OSCE, amene Ronald Harden ndi anzake anawafotokoza ku Dundee mu 1975, amathandiza apa: wophunzira amazungulira masiteshoni afupiafupi, pa iliyonse n'kuchita ntchito imodzi pamaso pa woyesa amene ali ndi pepala lochongera. Amadya nthawi ndi anthu ambiri, choncho werengerani oyesa amene muli nawo musanalonjeze masiteshoni makumi awiri.

Gulu likamaliza, lipereke ntchito yake ku gulu lina kuti liwerenge ndi funso limodzi: nditapatsidwa kosi iyi mawa, ndingaiphunzitse ndi pepala ili?

## 9. Yankhani ndemanga iliyonse

Tsegulani tebulo la mizere inayi: ndemanga, tsiku, chimene komiti yachita nayo, chifukwa chake. Aliyense athe kuliona. Mfundo ikakanidwa, chifukwa chilembedwe m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Anthu amapirira kukanidwa. Chimene sapirira ndi kulankhula m'chitsime, mawu awo osamvekanso. Pakutha pa mwezi uliwonse tumizani tsamba limodzi lonena zimene zagamulidwa, zimene zatsala ndi tsiku la msonkhano wotsatira. Aphunzitsi aganyu ndi a m'wodi alandirenso.

## 10. Konzekeretsani aphunzitsi, yesani pang'ono, kenaka yambani

Funsani mphunzitsi aliyense chimene akufuna kuphunzira kuti athe kuphunzitsa ndondomeko yatsopanoyi, ndipo maphunzirowo achitike semesita isanayambe. Akhale ochita ndi manja: kulemba siteshoni ya OSCE, kutsogolera zokambirana za wodwala wongoyerekeza, kulemba mafunso ofuna kuganiza. Amene wasiya kalekale kugwira odwala apatsidwe masiku obwerera m'wodi. Anamwino amene amayang'anira ophunzira kuchipatala asaiwalike, chifukwa buku losayinitsa likasintha iwo osauzidwa, adzapitiriza kusayina mwakale.

Pamene mukudikira kuti mabungwe avomereze, yesani mbali zimene malamulo amalola mkati mwa makosi akale, monga njira yatsopano yoyesera kapena phunziro limodzi lophunzitsidwa ndi anthu awiri.

Yambani ndi chaka choyamba chokha, n'kumakwera nacho. Kumbukirani kuti kwa zaka zingapo mudzakhala ndi ndondomeko ziwiri nthawi imodzi, ndipo ntchito ya aphunzitsi idzachuluka isanachepe. Gamulani pasadakhale zimene zidzachitikire wophunzira wa ndondomeko yakale amene walephera n'kubwerera m'mbuyo. Komiti isathe tsiku loyambira. Pakutha pa semesita iliyonse aphunzitsi a chakacho akhale pansi kwa maola awiri: chinayenda n'chiyani, chinakanika n'chiyani, tisintha chiyani ulendo wotsatira.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukopera ndondomeko ya sukulu ina. Kuiwerenga n'kwabwino. Koma inalembedwera aphunzitsi, zipatala ndi matenda a kumeneko, ndipo aphunzitsi anu adzainunkhiza msanga kuti si yawo.

Kusiyira katswiri wakunja cholembera. Mlendo angatsogolere msonkhano wovuta wa maola, chifukwa alibe kosi yoti ateteze. Angawerengenso zimene mwalemba n'kuloza mipata. Akalemba yekha, nzeru zonse zimachoka naye tsiku limene mgwirizano wake watha.

Kuyesa kuti kukhala chete ndi kuvomera. Pamene akulu alipo, achinyamata ambiri salankhula. Mukaona msonkhano ukutha msanga popanda wotsutsa, bwererani ku njira yolemba mwachinsinsi ndi kucheza ndi munthu payekha.

Msonkhano umodzi waukulu wa masiku atatu. Umasangalatsa, umatulutsa mapepala ambiri, ndipo pakatha mwezi palibe akukumbukira amene analonjeza chiyani. Ntchito imayenda ndi misonkhano yaifupi yobwera pafupipafupi, uliwonse wotha ndi mayina ndi masiku.

Kudikira kuti onse avomereze. Ena sadzavomereza mpaka ataona zikuyenda. Amveni, ayankheni, tsatirani njira yogamulira imene munagwirizana pa gawo loyamba, n'kupita patsogolo.

Kuiwala zipatala. Mungasunthe kosi ya uchembere pa pepala m'mphindi imodzi, koma wodi ya amayi ili ndi malire a ophunzira amene ingalandire, ndipo mwina imalandiranso a sukulu zina. Ndandanda yatsopano ya kuchipatala ikambidwe ndi akuluakulu a anamwino a kumeneko isanasindikizidwe.

Kupita ku bungwe loyang'anira anamwino pamapeto penipeni. Lidziwitseni poyamba, funsani mafomu ake ndi nthawi imene limatenga kuti liunike, ndipo litumizireni mndandanda wa maluso ukangotha. Likadzabweza ntchito ya chaka chonse chifukwa cha maola osakwana, aphunzitsi amene munavutika kuwakopa sadzabweranso kachiwiri.

Kusatchula amene anagwira ntchito. Mayina a onse amene analemba makosi alembedwe m'buku la ndondomeko, kuphatikizapo aphunzitsi a m'wodi ndi anamwino a kuchipatala, ndipo aliyense alandire kalata yoti aike m'fayilo yake ya ntchito.